Apongozi Avundula Mowa Wanga ndi Ndodo ya Mapulamu

Aphungu,

Ndine bambo wa ana awiri, ndipo ntchito yanga ndi yoyeza madzi a m'mipope mumzinda wathu. Mkazi wanga Dubravka anandigulira phukusi lofululira mowa pakhomo: ndowa ya chivindikiro, chitini cha chimera chophikaphika, yisiti, kachipangizo koyezera shuga ndi kapepala ka malangizo. Akuti ndipeze chochita, ndisiye kumangoganiza za majeremusi. Kapepalako ndinakaloweza. Ndowa ndinaitsuka mpaka manja kutuwa, ndinathiramo zonse, kutseka bwinobwino, n'kuiika m'chipinda chapansi. Mowa utayamba kuwira ndinasangalala kwambiri, mpaka ndinalengeza kuti pa slava yathu ya mu Novembala, phwando la woyera wa banja lathu, alendo adzamwa mowa wanga.

Apongozi anga, a Radivoje, amatcheza rakija, kachasu wa mapulamu wotchuka m'mudzi mwawo. Chikwatirireni mwana wawo sanayamikirepo chilichonse cha m'manja mwanga. Amanditcha "a pulofesa". Loweruka lapitali ndikuchokera kumsika ndinawapeza m'chipinda chapansi, chivindikiro chili pa simenti, iwo akuvundula mowa wanga ndi ndodo yakuda ya m'migolo yawo ya mapulamu. Anachita kubwera nayo pa basi!

Anati, "A pulofesa, mowa mwautsekera m'ndende, walakwanji? Chakumwa chimafuna kupuma. Ndodo iyi inali ya malemu bambo anga, sinaonepo sopo, ndipo sindibwereka munthu wamba."

Ine ndinangoti, "Zikomo, bambo."

Chichokereni iwo ndimangonunkhiza ndowayo. Nditanena zoutaya, Dubravka anati, "Utaye, koma ukawauze wekha. Ndi bondo lawo lopweteka lija, unawaonapo akutsika masitepe chifukwa cha munthu?" Apongoziwo amvekanso akuuza anzawo kuti chaka chino athandiza mkamwini kufulula.

Aphungu, ndikautaya ndawanyoza pa tsiku loyamba limene anandiyandikira. Ndikausunga, mwina ndidzamwetsa alendo viniga pamaso pa wansembe. Nditani?

M.T., Valjevo

Okondedwa a M.T.,

Choyamba, chotsani mphuno yanu pa ndowayo. Mukamatsegulatsegula mukupitiriza ntchito ya ndodo ija.

Apongozi anu analakwitsa, koma sikupusa ayi. Mapulamu awo amawira poyera, amavundulidwa, kenako amadutsa pamoto potcheza. Mowa wanu sudzaonanso moto, n'chifukwa chake umatsekedwa. Komabe musaulire maliro usanafe. Ngati unali utawira kale ndithu, uli ndi mphamvu zodzitetezera, ndipo ndowa zambiri zapulumuka zoopsa kuposa zimenezi. Ukasiya kuwira, tungani pang'ono pa kampopi ka ndowayo mulawe. Ukakhala wowawasa ngati viniga, kapena pamwamba pakamera nkhungu ya ubweya, tayani osayang'ana m'mbuyo. Ukakoma, yezani shuga wake ndi kachipangizo ka m'phukusimo. Kuyeza ndiye ntchito yanu. Ngati muyeso ukutsikabe, musauthire m'mabotolo.

Novembala akadali patali, choncho gulani chitini china ndi ndowa yatsopano. Kenako imbirani apongozi, munene kuti, "Bambo, ndikufulula wachiwiri, bwerani ndi ndodo ija." Pali nthawi imene mowa umafunadi dzanja lamphamvu: poyambirira, posungunula chimera m'madzi otentha. Chitani zimenezo mumphika uli pamoto, iwo avundule mmene angafunire, madziwo abwate ndodo ili momwemo. Majeremusi amene amakusowetsani mtenderewo athera pomwepo. Zikazizira, tsanulirani mu ndowa, thirani yisiti, muwapatse chivindikiro atseke okha. Auzeni mwachidule kuti uwu sudutsanso pamoto ngati rakija. Munthu amene watcheza moyo wake wonse amva msanga, ndipo ndowa imene watseka yekha adzailondera kuposa inu.

Mwaona majeremusi pa ndodoyo, ndipo alipodi. Koma onaninso kuti mkulu uja anakwera basi ndi chinthu cha bambo ake kudzachiviika mu ndowa yanu. Amuna ena sadziwa kunena kuti "mwana wanga" mwa njira ina.

Chenjezo langa ndi ili: mowa woyambawo, ngakhale ukome, uthireni m'mabotolo a pulasitiki, ukangogwira mpweya muuike mufiriji, ndipo umwedwe msanga. Yisiti ya m'mapulamu imapitiriza kudya shuga mwakachetechete, ndipo botolo la galasi likhoza kuphulika pakati pa alendo. Pa slava, a Radivoje akaimirira n'kunena kuti mowawu unakoma chifukwa cha ndodo yawo, musawakonze, a pulofesa. Adzazireni tambula.

Aphungu