Chikwama cha Fikirini

Okondedwa amalume,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira kuti kutentha kwa ku Joniko sikukukuvutani. Kuno ku Lirangwe tili bwino, mvula yokha ndiyo ikuchedwa.

Koma mlongo wanga Fikirini wanditopetsa. Mayeso a ku yunivesite wakhoza kuposa anzake onse. Mukudziwa zomwe anachita? Anabweza pepala kwa aphunzitsi, ati mwina analakwitsa pochonga. Iwo atachonganso anamuwonjezera malikisi. Iye akuti angomumvera chisoni.

Ndikamufunsa amati, "Achemwali, anzangawo Chizungu anachita kuyamwira. Ine ndikangotsegula pakamwa amamva Lirangwe. Tsiku lina adzanditulukira."

Adzatulukira chiyani? Kodi nzeruzo anaba? Si ine ndinkamuona akuwerenga pamsika uku akugulitsa tomato wa amayi?

Lachisanu potuluka mumzikiti anthu anamuitana kuti "ainjiniya". Iye anadzera njira ya kumunda kuwathawa.

Muimbireni foni, inu amakumverani. Amayi sindinawauze kanthu. Sukulu akutsegulira Lolemba, koma chikwama munamutumizira chija wathiramo mbewu ya chimanga, n'kuchikankhira kunsi kwa bedi.

Ndine mwana wanu,
Asiyatu