Thawulo la m'dilowa yapansi

Lolemba, 13 Januwale

Mvula kuyambira pamlatho mpaka pageti. Madigadi akumbuyo a njinga anathyoka sabata yatha, ndiye msana wonse mzere wa matope, kuchokera m'chiuno mpaka m'khosi. Ndafika 6:35. Amayi okolopa anali atatsegula kale. Andiyang'ana nkhope, ayang'ana mapazi, osanena kanthu. Ine munthu wosanena kanthu sindimukhulupirira.

Dongosolo lomwe lija. Njinga kwa wokonza matayala kuseri kwa ofesi. Kutoyileti ya akazi, chitseko gwa. Botolo la madzi, kasopo, thawulo. Kenako kuima mphindi khumi osavala kanthu, chifukwa ukavala msanga thukuta limabweranso ndipo bulauzi imakuulula. Bulauzi sindipinda, ndimaikulunga ngati mkeka, imafika yopanda makwinya. Wigi pomaliza. 7:20 ndili pakauntala mbee, ngati ndatsika m'galimoto.

Kwatsala masiku 18 kuti miyezi yondiyesa ithe. Pa 31 bwana anena ngati ndikhale kapena ndizipita. Tsiku la mafunso lija anati, "Munthu akalowa muofesi ya maloya amayamba kuona inu asanaone ine. Muziyenda bwanji?" Ndinati pa minibasi. Bodza linangotuluka lokha. Minibasi ziwiri popita, ziwiri pobwera, malipiro angathere m'njira, nanga mwana adya chiyani. Njinga ya achimwene sifuna chakudya.

Lachiwiri, 14 Januwale

Mvulanso. Tisheti, buluku, thawulo, zonse zofinya. M'chikwama sizingakhale, chikwama chimakhala pamapazi anga pakauntala ndipo chimadontha. Chiyambireni mvula mu Disembala ndili ndi malo anga: chipinda cha mafayilo akale, kabati yachitatu, dilowa yapansi. Palibe amatsegulako. Milandu yake inatha ine ndili kusukulu. Ndimayala zonyowazo pamwamba pa mafayilo, kutseka, madzulo kutenga. Nzeru zanga ndekha zimenezi, ndipo ndimadziyamikira.

A Mphuno adutsa pakauntala kawiri lero. Ndiwo amatayipa makalata a bwana, zaka khumi ndi zisanu pampando womwewo. Dzinalo ndinawapatsa ndine, chifukwa asanapereke moni amayamba akoka kaye mpweya. Ulendo wachiwiri anaima. "Simukumva kafungo muno?" Ndinati ayi. Atangochoka, ine liwiro kutoyileti kukadzinunkhiza. Kukhwapa uku sopo, uku sopo. Ndiye iwo akumva chiyani? Ndipo n'chifukwa chiyani afunsa ine?

Lachinayi, 16 Januwale

Dzuwa lero, koma thukuta lake kuposa mvula.

Potuluka m'toyileti ndapeza amayi okolopa aima pakhomo ndi ndowa. Kaya anaima nthawi yaitali bwanji. "Mwanangu, zonyowa zija mumaziika kuti?" Ndinati m'chikwama. Anangoti, "Kwanga kosungira matsache kuli chingwe ndi kazenera. Muziyanika kumeneko." Ndinathokoza, osapitako.

Ndaganiza tsiku lonse. Kosungira matsacheko n'komwenso kumakhala mapepala a kutoyileti ndi sopo wa ofesi, ndipo amene amakatenga Lachisanu lililonse ndi a Mphuno. Ndiyanike buluku langa pamenepo kuti alipeze? Msampha woonekeratu. Muofesi muno amene amandiona ndisanasinthe ndi mmodzi yekha. Ngati nkhani ya njinga yafika kwa a Mphuno, sinayende yokha.

Ndagula mafuta a m'khwapa, amphamvu aja. Mwana akuti ndikununkhira ngati sitolo.

Lachisanu, 17 Januwale

Ndawapeza kukhitchini awiriwo, a Mphuno ndi amayi okolopa, mitu pamodzi. Nditalowa, zii. Mmodzi akutsuka kapu yotsuka kale.

Ndiye wabweranso mwana wa achemwali awo a Mphuno. Kachitatu tsopano "kudzangopereka moni." Anamaliza maphunziro a ulembi chaka chatha. Nsapato zazitali, zikhadabo zofiira, chidendene chosalawa fumbi. Popereka moni maso ali pampando wanga. Ndaona. Ine si mwana.

Madzulo wokonza matayala akundiuza kuti tayala lakumbuyo laphwa, chubu chang'ambika pavalavu, mpaka Lolemba. Ndakwera minibasi ndi zovala za kuntchito, mtima ukuwawa pa ndalama iliyonse. Za m'dilowa zatsala komweko. Ndizitenga Lolemba.

Lolemba, 20 Januwale, masana

Fungo lero ndiye lafika mpaka pakauntala. Ngati galu wanyowa wagona m'khonde. Kasitomala wina wagwira mphuno ndi mpango pamaso panga.

Pakhoma pamatidwa chikalata: aliyense asamale ukhondo. Chotayipa a Mphuno, chosayina bwana. "Aliyense" ameneyo ndikumudziwa. Komatu lero ndabwera pa minibasi, ndasamba kunyumba, thukuta ngakhale dontho. Ndiye akufuna kundinamizira basi.

Pamsonkhano wam'mawa bwana anafunsa kuti fungoli likuchokera kuti. A Mphuno anatembenukira kwa ine. Mwina anangotembenuka, koma ine magazi anathamanga. Ndinati, "Mwina ndi mopu, bwana. Pokolopa madzi amachuluka, amalowa pansi pa makabati, ndipo mopuyo sayanikidwa bwino." Amayi okolopa anali pakhomo ndi thireyi ya makapu. Ndinamva kukoma. Wofuna kundikumbira dzenje adziwe kuti nanenso pakamwa ndili napo.

Tsiku lomwelo, nditafika kunyumba

Mayo ine.

5 koloko ndinapita kukatenga zovala. Kukoka dilowa, fungo lonse lija linandimenya kumaso. Thawulo lachita chuku, lobiriwira, madontho akuda. Tisheti chimodzimodzi. Kunyamula, fayilo yapamwamba inabwera limodzi ndi thawulo. Yachiwiri yofewa ngati buledi wonyowa. Kuyesa kutsegula yachitatu, mapepala amatana, inki yayenderera. Si za masiku atatu izi. Ndi za milungu isanu ndi umodzi, tsiku ndi tsiku, pang'onopang'ono.

Fungo lija ndine. Osati thupi langa, koma ndine.

Ndakulunga zonse m'thumba la pulasitiki, ndatseka dilowa. Thawulo ndataya m'dzala pafupi ndi msika. Njinga ndaitenga kwa wokonza matayala, manyazi njira yonse. Koma ndi milandu yakale, inatha. Zikauma fungo litha. Palibe wandiona.

Lachitatu, 22 Januwale

Zonyowa tsopano ndikusiya kwa wokonza matayala, akuyanika pa tayala lakale. Akuti buluku langa likumuthamangitsira makasitomala. Bwenzi nditaganiza zimenezi mu Disembala.

Amayi okolopa awagulira mopu yatsopano ndi mankhwala. Dzulo ndi lero agwada m'chipinda cha mafayilo, akupala pansi ndi burashi. Munthu wamkulu, bondo lotupa. Ndadutsa kawiri osayang'anamo.

M'mawa anandipatsa moni bwinobwino. "Mwadzuka bwanji mwanangu?" Moni wabwino chonchi pambuyo pa zomwe ndinanena Lolemba? Pali chimene akusunga. Kabati yachitatu aikolopa mozungulira, mphuno ali nayo. Akudikira tsiku lake.

Masiku 9.

Lolemba, 27 Januwale

Zaphulika.

10 koloko kwabwera bambo wina wa jekete lalikulu, mwana wa kasitomala wakale amene anamwalira. Mkangano wa malire a munda wayambiranso, a mbali inayo akukana zomwe anagwirizana. Pepala lenileni, lomwe akuluakulu awiriwo anadinda zala, limasungidwa kuno. Bwana anati, "Kabati yachitatu, pansi." Ndinamva ndili pakauntala. Cholembera chinagwa.

A Mphuno anabwera ndi fayiloyo ataigwira ndi zala ziwiri. Podinda zala pangotsala banga lotuwa. Mafayilo asanu ndi awiri awonongeka. Bambo wa jekete anakhala pansi osauzidwa, anangoti, "Ndiye munda wapita?"

Bwana sakalipa, n'chifukwa chake amaopsa. Anafunsa kuti madzi alowa bwanji m'dilowa. A Mphuno anati, "Ngakhale achemwali apakauntala ananena sabata yatha, ndi madzi okolopera." Mawu anga omwe, atawasita bwino. Palibe anafunsa kuti madzi apansi anyowetsa bwanji fayilo yapamwamba kuposa yapansi. Maloya atatu m'chipinda, palibe anafunsa.

Anaitana amayi aja. Anaima manja kumbuyo. Anandiyang'ana kamodzi kokha. Ndinadikira, mtima uli m'mwamba, kuti apa ndiye anena. Anangoti, "Ndamva, bwana." Ntchito yawo itha Lachisanu. Zaka khumi ndi chimodzi.

Sindinadye.

Lachiwiri, 28 Januwale

Tsiku lonse kudikira kuti abwere adzanene mtengo wawo. Munthu sangakhale chete ulele. Mwina afuna ndalama, mwina afuna ndiwayankhulire. Sanabwere. Atsuka mazenera.

Lachitatu, 29 Januwale

Potuluka m'toyileti m'mawa, wigi ili m'malo, anandiitana. Ndinati eya, yafika nthawi. Analoza mwendo wanga. "Girisi wa tcheni, kuseri uko." Anandipatsa kansanza konyowa. Ndinapukuta.

Sindinathe kupirira. Ndinafunsa ngati ankadziwa za dilowa. Anati, "M'mawa uliwonse mumalowamo ndi zonyowa n'kutuluka chimanjamanja. Ndine wokalamba, sindine wakhungu." Ndiye bwanji simunanene? Anafinya mopu kaye. "Akanakhulupirira ndani, wa mopu kapena wa wigi?" Kenako, "Musandifunse ine, mwanangu. Pakamwa muli napo, tinamva tonse tsiku lija."

Palibe chimene akufuna. Ndafufuza mawu awo mbali zonse, msampha mulibe. Chingwe chija chinali chingwe basi. Bwenzi atanditukwana, ndikanapeza pogwira.

Lachinayi, 30 Januwale

A Mphuno abwera pakauntala ndi envulopu, akoka mpweya monga mwa masiku onse, kenako amwetulira. Sindinawaonepo mano. Kalata yonditsimikiza ntchito, atayipa okha, bwana asayina mawa m'mawa. "Ndinakuyankhulirani ndine. Simuchedwa, ndiponso ndinu aukhondo." Ndinafunsa za mwana wa achemwali awo. Akuti anayamba ntchito kubanki mwezi watha, amangodzawatengera makiyi a kunyumba. Za Lachisanu lija kukhitchini sindinafunse. Mwina ankakamba za bondo.

Ndiye adani anga onse atha. Watsala mmodzi, amene ndimamuveka wigi m'mawa uliwonse.

Ndauza achimwene zonse pomwe amamangirira madigadi ndi waya. Sanadzutse mutu. "Sayina, utseke pakamwa. Mayiyo ntchito yamuthera kale, ukufuna muthere awiri? Mwana umudyetsa chilungamo?" Sakunama. Lendi, fizi ya mwana, nsapato zake zomwe zayamba kuseka. Ndinafunafuna ntchito zaka ziwiri. Ndikaulula, ndi mabodza awiri pakamodzi, la minibasi ndi la mopu, kuwonjezapo munda wa eni. Ndani angasunge munthu wotere pakauntala?

Komanso palibe chitsimikizo kuti ndikanena awabweza. Bwana sakonda kubweza mawu.

Bulauzi yoyera ija ndasita, ndakulunga. Ili m'chikwama.

Lachisanu, 31 Januwale

6:40. Mvula njira yonse. Waya wa achimwene waduka pamlatho, msana matope okhaokha.

Pokhotera kwa wokonza matayala sindinakhote. Sindinganene kuti ndinaganiza, miyendo inangopitirira. Njinga ndaitsamiritsa pakhoma la kutsogolo, pomwe bwana amaimika galimoto. Aiona asanatsike.

6:55. Ndakhala pakauntala momwe ndabwerera. Tisheti yomata pathupi, buluku lomanga ndi mphira kumwendo, duku lonyowa. Pansi pa mpando pachita chithaphwi. Ndikuzizidwa, pepala likunyowa, zolembazi kaya ndidzaziwerenga.

7:05. Nthawi ikadalipo. Mphindi zisanu kupukuta, zisanu kuvala, ziwiri kukabisa njinga. Ndawerengera katatu.

Amayi afika ndi ndowa, tsiku lawo lomaliza, akukolopa ngati abweranso mawa. Andiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ndimati anena kanthu, kaya kundithokoza, kaya kundiletsa. Angoti, "Kwezani mapazi." Ndakweza. Apukuta chithaphwi changa.

7:18. A Mphuno alowa, aima pakhomo, ambulera ili yotsegula. Ngakhale mpweya sanakoke.

Ndikuopa. Mwezi wamawa sindikudziwa tidya chiyani. Ndiyamba ndi za njinga, n'zosavuta, ili panjapo. Za dilowa ndinene msanga asanandidule, ndipo ndinene amayi ali pomwepo.

7:24. Hutala ya bwana pageti. Chikwama ndachikankhira kutali ndi phazi, kuti ndisachifikire.