Chala Chouma cha a Sagyndyk: Ndichilembe M'buku Kapena Ndichifufute?

Aphungu,

Ndine wophunzira wa chaka chachinayi pasukulu ya ukachenjede, m'nthambi ya zoimbaimba. Ndikukulemberani chifukwa nkhondo imene ndaimenya molimba mtima kwa zaka ziwiri yanditembenukira. Kwatsala masabata atatu kuti buku langa lipite kwa osindikiza, ndipo sindikudziwa ngati liyenera kupita momwe lililimu.

Ku At-Bashy, tauni ya kumapiri kutali ndi kuno ku Bishkek, kuli katswiri woimba komuz, choimbira chathu cha nsambo zitatu, a Sagyndyk, a zaka 78. Amasunga pamtima nyimbo makumi atatu ndi imodzi, zina zophunzira kwa amalume awo, zina zopeka okha, ndipo palibe ngakhale imodzi yolembedwa. Iwo sawerenga zizindikiro za nyimbo. Amati pepala lilibe makutu. Ndinadzipereka kuzilemba zonse, choncho kawiri pamwezi ndimakwera minibasi, ulendo wa maola asanu ndi limodzi, kukakhala pamapazi awo.

Pulogalamu ya pakompyuta imene timagwiritsa ntchito imayenda motere: umalemba nyimbo m'zilembo ndi manambala, iyo n'kujambula mizere isanu ndi zizindikiro zake mwaudongo. Koma amene anaipanga ankaganiza za piyano ndi vayolini. Ili ndi chizindikiro chouza woimba kuti akweze, kuti afatse, kuti afulumire, koma ilibe chilichonse chonena zimene dzanja lamanja la woimba komuz limachita: kumenya nsambo zitatu ndi chikhadabo potsika, kuzikodola pokwera, kuuluka m'mwamba n'kutera pa nthawi yake. Aphunzitsi oyang'anira kafukufuku wanga anati, "Ingoikapo mawu a Chitaliyana omwe alipo kalewo, dziko lonse limawadziwa." Ndinawayankha pamaso pa kalasi kuti dziko lonse silinabadwire ku At-Bashy. Sanandilankhule kwa mwezi wathunthu, koma pamapeto pake anandilola.

Mwamwayi, pulogalamuyo imapatsa munthu mpata wodzilembera malamulo akeake. Umafotokoza kamodzi kokha, kumayambiriro kwa fayilo, kuti mawu akuti azijambula chithunzi chakuti, chachikulu motere, pamwamba pa mzere motere. Ukatero, paliponse pamene walemba mawuwo m'nyimbo, chithunzicho chimatuluka. Ukasintha pamalo amodziwo, buku lonse limasintha. Ndinalemba malamulo khumi ndi anayi. Khumi ndi atatu ndi a kamenyedwe kamene woimba aliyense amakadziwa. Lomaliza ndilo ndinkanyadira, ndipo ndilo landiika m'mavuto.

A Sagyndyk ali ndi kamenyedwe kamene sindinakaonepo kwa wina aliyense. Pamene ena amatsitsa chala chamkombaphala, iwo amachisiya chili chowongoka, n'kutembenuza dzanja lonse kuti amenye ndi kumbuyo kwa chala chachikulu. Liwu limatuluka lolemera, lochedwa pang'ono, ngati kavalo amene wayamba wazengereza asanaponde mumtsinje. Ndinatha masabata asanu ndikukonza chizindikiro chake: kambedza kopindikira kumanzere, kokhala ndi kadontho pamimba. Lamulolo ndinalitcha dzina lawo. Ndikangolemba dzinalo, kambedza kamatuluka, ndipo m'buku lonse kali m'malo 212. Ineyo ndinafika poumitsa chala changa chabwinobwino powatsanzira, mpaka anzanga kunditcha Wapolisi wa Pamsewu.

Mwezi watha ndinapita kwa a Sagyndyk ndi masamba oyesera. Tinali kumwa tiyi pamodzi ndi alendo awiri oyandikana nawo nyumba. A Sagyndyk atatuluka kukaona nkhosa kukhola, mwana wawo wamkazi, achemwali a Burul, amene amaphunzitsa komuz kusukulu ya ana m'tauniyo, anatenga masambawo n'kufunsa kuti, "Nanga timbedza tonseti? Wabwera kudzawedza nsomba kuphiri kuno?" Ndinawafotokozera monyada. Nkhope yawo inasintha.

"Mwana iwe," anatero, "maso awiri kuphatikizapo magalasi, koma sunaone kuti chala cha bambo sichipinda? Chinauma ndi chisanu chaka chimene anakafuna akavalo otayika kuphiri, ine ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri. Chisanaume ankamenya ngati wina aliyense, ndiponso kuposa wina aliyense. Chimene wajambulachi si luso, ndi chipsera. Ukufuna ana anga kusukulu aziphunzira kutsimphina chifukwa katswiri amatsimphina?"

Aphungu, ndikanakhala chete. M'malo mwake ndinawauza, alendo akumva, kuti akufuna kufufuta bambo awo akadali ndi moyo, ndi kuti aphunzitsi a m'sukulu ndiwo apha nyimbo zathu poziwongola ngati misewu ya mumzinda. Iwo anangoti, "Imwa tiyi wako, pulofesa, akuzizira."

A Sagyndyk atabwerera anayang'ana masambawo, n'kuloza kambedza kaja. "Kanyerere aka kakuyenda bwanji tsamba lililonse?" Achemwali a Burul anandiyang'ana. Ine, amene ndimadzitama kuti sindiopa munthu, ndinayankha kuti, "N'kongokongoletsa, aphunzitsi." A Sagyndyk anaseka n'kunena kuti, "Ana a mumzinda inu! Ngakhale pepala mumaliveka ndolo."

Chimene chikundiletsa kugonja ndi ichi. Pali nyimbo imodzi imene a Sagyndyk anaipeka itapita nyengo yachisanu ija, yonena za munthu wofunafuna akavalo. Tsiku lina ndikuiphunzira ndinaiwala kuwatsanzira, n'kumenya ndi chamkombaphala. Anandimenya kumbuyo kwa dzanja n'kuti, "Tembenuza! Apa kavalo watopa, iwe ukumuthamangitsiranji?" Kodi chimenecho n'chipsera chabe?

A Sagyndyk analonjeza kuti pa Nooruz, chikondwerero chathu cha chaka chatsopano, adzandipatsa mdalitso wa mphunzitsi, umene timautcha bata, pamaso pa anthu, kundiloleza kunyamula nyimbo zawo. Popanda mdalitsowo palibe woimba komuz wodzilemekeza amene adzatsegule bukuli. Achemwali a Burul anditumizira uthenga wakuti timbedza tikapanda kuchoka, adzauza bambo awo tanthauzo lake n'kuwapempha kuti asandidalitse. Kutichotsa sikungatenge ngakhale mphindi imodzi: ndingofufuta mizere ingapo kumayambiriro kwa fayilo, tonse 212 n'kuzimiririka. Chimenecho ndicho chikundiopsa, kuti chinthu chimene munthu wakhala nacho zaka makumi anayi chingafafanizike mosavuta chotere. Ndimakhulupirira kuti wolemba nyimbo ayenera kulemba chimene wamva, osati chimene achibale akufuna kuti chikumbukike. Komabe sindikufuna kusindikiza manyazi a munthu amene ndimamukonda ngati bambo anga. Ndiime pachoonadi, kapena ndifufute kuti ndipulumutse mdalitso?

M. J., Bishkek

Wokondedwa M. J.,

Kalata yako ndaiwerenga kawiri, ndipo ndaona chinthu chimodzi chimene iwe sunachione. Walimbana ndi aphunzitsi ako, walimbana ndi a Burul, tsopano wafunsa ine wa m'nyuzipepala. Mwini chala yekha ndiye sunamufunse. Iye anakufunsa yekha, iwe n'kumunamiza. Ndiye usandiuze za kuima pachoonadi. Choonadi unachisiya pambali pa tiyi tsiku lija. Sindikunena izi kuti ndikufooketse. Ntchito wagwirayi ndi yaikulu, ndipo vuto lako ndi laling'ono kuposa mmene ukulionera, chifukwa munthu amene ali ndi yankho ali moyo, ali ndi nzeru zake zonse, ndipo amakukonda.

Yamba ndi a Burul. Usawatumizire uthenga pafoni. Pita kusukulu kwawo ndi paketi ya tiyi ndi maswiti, ukawapepese chifukwa cha mawu aja, ndipo ukavomere kuti unawanyoza alendo akumva. Mayi amenewa si mdani wa buku lako. Ndiwo munthu yekhayo amene ukumudziwa amene anamva nyimbozi chala chisanaume, ndipo amawerenga zizindikiro zako. Wofufuza wanzeru akanawagwadira kalekale. Taganiziranso kuti mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri anaona bambo ake akubwera kuphiri ndi dzanja lovulala. Iwe ukaona kambedza umaona luso. Iwo amaona tsiku limenelo. Uwapemphe kuti apite nawe kwa bambo awo, ndipo ukhale iwe woyamba kulankhula.

Ukafika, nena mosazungulira kuti unanama, kuti chizindikiro chija ndi dzanja lawo, ndi kuti unachitcha dzina lawo chifukwa unkachiona kukhala chokongola kuposa zonse. Munthu wa zaka 78 amadziwa kale mmene chala chake chilili. Sudzamuuza zachilendo.

Tsopano za ntchito yeniyeniyo. Iwe ndi a Burul nonse mukulakwitsa mofanana: mukuona malo 212 aja ngati chinthu chimodzi, choyenera kukhala chonse kapena kuchoka chonse. Nkhani yako ya kavalo wotopa ikusonyeza kuti sizili choncho. Pamenepo a Sagyndyk anakudzudzula chifukwa kutembenuza dzanja ndi mbali ya nyimboyo. Koma m'nyimbo zinazo sunawapatse mpata wokudzudzula, chifukwa wakhala ukuwatsanzira osafunsa. Choncho uchite izi: uwaimbire nyimbo zonse, imodzi ndi imodzi, ndi zala zako zonse zikugwira ntchito monga Mulungu anakupatsira, a Burul ali pambali ndi pensulo. Pamene akuimitsa n'kukuuza kuti utembenuze, pamenepo ndi luso, ndipo mwini nyimbo wasankha yekha. Pamene akusiya udutse akugwedeza mutu mokondwa, pamenepo inali njira yolambalala chala chouma. Mwina zidzakutengera masiku atatu kapena anayi. Pempha chilolezo kusukulu. Aphunzitsi amene anapirira pakamwa pako sangakukanize zimenezi.

Ukabwerera, lamulo lako limodzi lija uligawe pawiri. Wanena wekha kuti umafotokoza kamodzi, buku lonse n'kutsatira. Loyamba likhale la malo amene iwo alamula, kambedza kooneka bwino kamene wophunzira aliyense ayenera kukatsata. Lachiwiri likhale la malo otsalawo, ndipo maonekedwe ake agamule eni ake: kaya kakhale kakang'ono kosonyeza kuti umu ndi mmene a Sagyndyk amamenyera koma wophunzira sakukakamizidwa, kaya kasaoneke n'komwe. Ntchito yosanja malo 212 ndi yotopetsa, koma masabata atatu akukwana. Ana a a Burul sadzaphunzira kutsimphina, ndipo kavalo wako wotopa sadzathamangitsidwa. Kumayambiriro kwa buku uike tsamba lofotokoza zizindikirozo, ndipo za chisanu chija ulembe pokhapokha iwo atavomera, m'mawu amene iwo asankha. Dzina la a Burul lisasowe patsamba limenelo.

Ndili ndi chiyembekezo chachikulu pa mmene adzakuyankhire. Munthu amene chala chinamuuma ali ndi zaka 38, n'kukana kupachika komuz pakhoma, n'kupeza njira ina yomenyera mpaka mnyamata wophunzira kuiyesa luso losowa, si munthu wochita manyazi msanga. Mwina adzakuseka sabata yathunthu. Ulole akuseke.

Koma mvera chenjezo langa. Akanena kuti tichoke tonse, utichotse tonse. Usasiye ngakhale kamodzi patsamba lakumapeto poganiza kuti iwo sawerenga. Kusawerenga kwawo si chilolezo chako. Nyimbozo ndi zawo, dzanjalo ndi lawo, iwe ndiwe mlembi. Ndipo usayese kufufuta mwakachetechete kuti nkhaniyi isawafike, chifukwa mdalitso wochokera kwa munthu amene sakudziwa chimene akudalitsa sudzakupatsa mtendere. Pita Loweruka lino, usadikire chikondwerero, kuti tsiku limene adzatambasule manja awo pokudalitsa pamaso pa anthu akhale akudziwa zonse zili m'bukumo, ndipo iwe uthe kuwayang'ana manjawo osagwetsa nkhope.

Aphungu