Galimoto Yanyamuka Yokha

Sibongile mwana wanga,

Usayendetse galimoto lero. Kachipangizo ndinaitanitsa kaja, kothandiza kuti galimoto yamagetsiyi izidziwonjezera ndi kudzichepetsera yokha liwiro, ndakamangirira m'mawa uno kuseri kwa chopondera moto. Pulagi yake inakana kulowa, ndiye ndinangolumikiza mawaya pamanja. Nditayatsa, galimoto inanyamuka ndisanaponde n'komwe, n'kukaima pa mtengo wa mapichesi wa malemu mayi ako. Ine sindinavulale. Mtengowo wathyoka nthambi imodzi, ndaimanga ndi chingwe, mwina igwira.

Ndathamangira ku Lizulu kwa a Yoramu amakaniko kukafuna pulagi yoyenera. Kuntchito ukwere minibasi, pepa. Makiyi onse awiri ndapita nawo, chifukwa ndikukudziwa. Ukanati, "Ndingoyesako pang'ono."

Bambo ako