Nkhani Imene Inadikira

Nkhata Bay,
16 Ogasiti, 1956.

Opita kunyanja Lolemba: 7
Obwerako: 6
Mafunso a mtolankhani: 5, kuwonjeza 1, onse 6

Okondedwa alongo anga a Cyrus,

Wokupatsani kalatayi ndi Yakobe, msuweni wathu. Asachoke. Mukhale naye pansi, muwerenge pang'onopang'ono. Manambala ali pamwambapo ndiwamasulira onse.

Ndiyambe ndi a Watson Longwe, aja munkati sadzakhazikika. Abwerako ku Joni, kumene ankalemba nyuzipepala, ndipo pa tchuthi chino akuphunzitsa kulemba nkhani anyamata anayi a ku koleji ya Makerere, pakhonde panga pano. Ine, mphunzitsi wopuma, andipatsa ntchito yowerengera mawu. Ndaphunzitsa zaka 31, koma sindinaone munthu wodekha chotere. Sakalipa. Amangofunsa: ndani, chachitika n'chiyani, kuti, liti, chifukwa chiyani? Mpaka mnyamata aone yekha pamene walumpha.

Lolemba mwera unagubuduza bwato kufupi ndi Mwaya. Paston, wochangamuka mwa anayiwo, anathamangirako, nafunsa opulumuka mmodzimmodzi. Analemba mawu 83, opanda cholakwa ngakhale chimodzi. Ndinawawerenga kawiri.

"Ada, ndithamangire ku positi asanatseke, nditumize ku nyuzipepala," anatero.

"Wayankha mafunso angati?" a Watson anafunsa.

"Onse asanu!"

"Nyuzipepalayi imafika ku Salisbury?"

"Imafika, machona amachita kulimbirana."

"Nanga bambo wa womirayu ali kuti?"

"Ali komweko ku Salisbury," Paston anayankha.

"Lilipo funso lachisanu ndi chimodzi, limene ku koleji sadzakuuza: ndani sanamve? Kwathu kuno maliro amanena ndi munthu wa miyendo iwiri, woodira pakhomo. Bambo asakumane ndi dzina la mwana wake papepala lokulungira buledi."

"Koma ada, nkhani yogona ndi usipa wa dzana! Wina atumiza, ndipo mkonzi sadzatikhulupiriranso."

"Igone. Mkonziyo ndimuyankha ine."

Ndikudziwa kuti mkonziyo analonjeza a Watson ntchito ngati azitumiza nkhani msanga. Anakanena okha kwa kalaliki wina amene amatumizanso nkhani, napempha kuti nayenso adikire. Kenaka iwo ndi anyamata awo anagwira makasu kumanda.

Ndazungulira mokwanira, alongo anga. Bambo amene ali ku Salisbury uja ndinu. Womirayo ndi Yona wathu. Anzake akuti anakweza awiri pamsana pa bwato, mphamvu n'kumuthera. Tinamupeza Lachiwiri, ndipo tamugoneka pafupi ndi amayi athu. Pamaliro panali anthu 214. Ndinawerenga kuti ndisagwe.

Waya wa telegalamu ndinaukana, ukanakupezani nokha kuntchito. Yakobe akwera sitima ya Ilala lero. Pepala la Paston lili m'Baibulo langa, ndipo a Watson ati silichoka mpaka inu mutayankha. Mukafuna, onjezanipo mawu anu. Ati bambo ndiye mboni yoyamba ya mwana.

Mlamu wanga Phoebe, akazi anu, akuti bwerani, ngakhale wopanda sutikesi. Flora, mkazi wa Yona, akupereka moni, pamodzi ndi ana atatu. Wamng'onoyo akupitabe kudoko kukadikira. Ana anu Jane ndi Lily akuti moni, ada. Inenso moni.

Pakhomo tinali: 9
Okupatsani moni: 8
Amene tikumudikira: 1, ndinu.

Ine mlongo wanu,
Agatha Nyachirwa