Wodwalayo Ali Kuti?

Lolemba, 3 Juni

Kusukulu kunabwera anamwino awiri. Akuti pali kafukufuku wa njira yatsopano yothandizira achinyamata odwala matenda a nkhawa. Mmodzi, a Gertrude, anatchula zizindikiro: kusowa tulo, kusafuna kudya, kusakondwa ndi chilichonse, kudziona ngati katundu kwa anthu. Anyamata akumbuyo ankaseka. Ine maso padesiki. Ngati wina anawauza za ine.

Titaweruka ndinawatsatira kugalimoto. Akuti ndikafike kuchipatala Lachisanu, tsiku lomaliza kulemba anthu. Koma poti sindinakwane zaka 18, kholo livomereze kaye. Anandiuzanso kuti sakulonjeza kuti ndichira, n'chifukwa chake akufufuza. Bola sananame.

Lachiwiri, 4 Juni

Ababa: "Ine pano ndine mkamwini, funsa amako." Amayi: "Zoterezi sizichitika atsibweni ako osadziwa." Atsibweni a Stanislaus ali ku Kanengo kogulitsa fodya, foni yawo yozima. Mutu ndi wanga koma eni ake ndi ena.

Ndawapempha amayi kuti asauze munthu.

Lachitatu, 5 Juni

Anauza. Akuti sikuuza kumeneko, anangotumiza uthenga kwa eni mbumba monga zimakhalira pakagwa matenda. Uthengawo unadzera kwa amayi aang'ono a Tisiyenji. Ndiye kuti mudzi wonse.

Masana ndikuchokera kokumba mtedza ndinapeza azimayi atakhala pamphasa, nkhope zakugwa. Wina wabweretsa ufa, wina nthochi. Adzazonda matenda. Ine khasu paphewa.

"Wodwalayo ali kuti?"

"Ndi uyu," amayi akuloza ine.

Kenako a Tisiyenji: "Ameneyu? Wodwala wa masaya chonchi? Iwe Gibson, nena zoona, wakukana mtsikana eti?" Anaseka mpaka kutsamirana. Wina anati achipatalawo amangofuna magazi a ana. Pochoka nthochi anasiya, ufa anabwerera nawo.

Lachinayi, 6 Juni

Sindinapite kusukulu. Ndi ana omwe akundiitana kuti "odwala". Atsibweni sanabwerebe. Mawa likadutsa ndiye basi.

Madzulo tikuthothola mtedza, amayi anafunsa osandiyang'ana: "Zinayamba liti?" Ndinati chaka chatha. "Ndiye n'kumangokhala duu?" Ndinati ndikananena bwanji, poti palibe poloza kuti pakuwawa ndi apa. Anangothothola mwamsangamsanga mpaka kumataya wina pansi.

Lachisanu, 7 Juni

Ndinadzuka nditataya kale mtima. Kutuluka panja, amayi avala chitenje chawo cha kutchalitchi. "Samba, tichedwa."

Ababa: "Nanga achimwene anu akamva?"

"Akamva adzandipeza pompano. Mimba ya mwanayu ndinasenza ndine."

Panjira a Tisiyenji anafuula ali pakhonde, kufunsa kumene tikupita. Amayi: "Kuchipatala. Ukufuna kutiperekeza?" Sanatsike pakhondepo.

Ndikulemba izi pabenchi. Amayi ali m'kachipinda ndi a Gertrude, chitseko sanatseke bwino. Sanavomerebe. Akufunsa za magazi, za amene adzamve zimene ndizinena, komanso ngati ndingathe kusiya ndikatopa nazo. Sakusiya kufunsa.

Tsopano mafunso atha. A Gertrude asuzumira, akuti ndilowe, kwatsala kuti ndivomere ndine.