Mphira pa Batani la Hita

Lang'ata, Nairobi
19 Julayi 2003

Okondedwa Amayi,

Ndinamva ndithu zimene munanena pa foni Lamlungu lija. Inu mukagwira foni mumakuwa ngati Nairobi ili kuseri kwa phiri la Soche, ndiye ngakhale ndinali kukhitchini mawu anandipeza. Munati, "Mukweze basi ameneyo asanatiphere mdzukulu." Achemwali a Pauline sanayankhe kuti inde kapena ayi, koma afunsa kale za basi ya Lolemba yodzera ku Dar es Salaam. Iwo aja sanakuuzeni zonse, amangolira. Ndiye ndati ndilembe ndekha, mundikalipire mutamva bwino. Zilembo zanga ndi za Sitandade 7 zomwe zija, achimwene a Reuben akuwerengereni pang'onopang'ono.

Kuno mwezi uno dzuwa lili pa holide. Chiperoni cha kwathuko n'chamasewera. Mdzukulu wanu Lonjezo mukudziwa kuti anafulumira kubadwa ndi mwezi wathunthu, kabwera kolemera ngati mapaketi awiri a shuga, ndipo anamwino anati kasazizidwe ngakhale pang'ono. Alamu a Dunstan asanapite kuntchito yawo ya mpingo kumalire a Sudan anagula hita ya gasi kwa mzungu wina wa ku Karen amene amasamuka. Ndi kabokosi ka mateyala, silinda imalowa kumbuyo, ukadina batani kutsogolo kumafiira. Ponyamuka anati, "Mabvuto, nyumba ili m'manja mwako." Ine mapewa m'mwamba.

Inu munalamula kuti mwana wa m'chikuta mphepo isamukhudze. Sindikukunenani Amayi, ndikungokumbutsa. Ndiye ine ndinamata nyuzipepala pazenera, ndinatseka timabowo ta mpweya ta pamwamba tija ndi masokosi a alamu, pansi pa chitseko ndinayika thaulo. Ngakhale nyerere ikanagogoda kaye.

Lachinayi la sabata yatha m'mawa ndinayatsa hita. Inayaka bwinobwino, patapita nthawi pang'ono, phethi, yazima. Ndinayatsanso, yazimanso msanga kuposa poyamba. Ndinagwedeza silinda, gasi analimo wambiri. Ndinapaka thovu la sopo pa paipi monga tinkachitira kugalaja ku Ndirande, palibe podontha. Kabowo kotulukira kamoto kakang'ono ndinakauzira ndi chibolopeni chopanda inki, kunatuluka fumbi ndi kangaude wakufa. Ndinati eya, wakuba ndamugwira. Ndinayikokera pakhonde, inayaka theka la ola osatsokomola. Kuyibwezera kuchipinda, phethi.

Achemwali anati, "Iwe, manja a mwanayu azizira, ukusewera kapena ukukonza?"

Ndinatumiza uthenga kwa Mama Benedicta, mayi wa kuno amene amagulitsa gasi pa shopu za kumsewu, kuti atibweretsere silinda ina, mwina iyi ndi ya gasi wabodza. Podikirapo ndinazindikira kuti ukadina batani osachotsa chala, hita siizima. Apa ndi pamene nzeru zanga zinandipweteka. Ndinadula mphira ya chubu cha njinga n'kumanga batanilo kuti likhale lodinika. Ndinamangira chakumbali kuti achemwali asaone. Chipinda chinafunda. Ndinatseka chitseko n'kupita kukhitchini kukadzithira tiyi wa masupuni anayi, malipiro a injiniya.

Mama Benedicta anafika cha m'ma leveni. Ndi mayi wamkulu thupi, silinda amanyamula ngati handibagi. Ndinati pepani Mama mwavutika chabe, ndakonza kale, bwerani muone ntchito ya ku Malawi. Titatsegula chitseko anaima. Ananunkhiza kamodzi. Moto unali wachikasu, magalasi a zenera akuchita thukuta, achemwali atatsamira khoma maso ali lende, akuti mutu ukuwawa.

Mayi uja anatseka gasi pa silinda, anang'amba nyuzipepala zanga zonse, zenera bwaa. Anandikankhira achemwali kuti ndiwatulutse, iye ananyamula mwana. Lonjezo sanalire mpaka titafika pakhonde. Amayi, masitepe ochokera kuchipinda kukafika pakhondepo ndi asanu ndi awiri basi, koma ine ndinakalamba nawo. Atalira, ndinakhala pansi.

Anatitengera kuchipatala pa pikapu yake ya gasi. Adokotala anati onse ali bwino, koma ola lina limodzi ikanakhala nkhani ina.

Titabwerako anandiyitanira kuseri kwa nyumba. Anatulutsa mphira ija m'thumba la epuloni, ine osadziwa kuti anayimasula nthawi yanji. Amayankhula Chiswahili chosakaniza ndi Chingerezi, koma tsiku limenelo ndinamva zonse. Anati, "Kijana, hita iyi sinafe. Mpweya ukachepa m'chipinda imadzizimitsa yokha kuti anthu asafe. Imakuuza kuti tsegula zenera, iwe n'kuyimanga pakamwa." Anandionetsa mmene moto wabwino umaonekera, wa buluu, ndi mpata wa zala zinayi umene zenera liyenera kukhala nawo. Kwa achemwali anangonena kuti chipinda chinatsekedwa kwambiri. Za mphira sanatchule.

Ndikanatha kungokhala chete, Amayi, mukundidziwa. Koma Lachisanu ndinamva achemwali akudzinena okha kuti ndi mayi wosasamala, anagona mwana akufa. Ndinapita n'kuwauza zonse. Atamva, anatseka chitseko. Kuchokera tsiku limenelo chipinda cha mwana sindinapondemo, ndimasiya madzi otentha pakhomo ngati wa hotela.

Mukati ndibwere, ndibwera, sindilimbana nanu. Ndikungopempha chimodzi. Lachinayi mukapita ku Mvano mukatchule dzina la Mama Benedicta m'pemphero. Ndinapita kukathokoza, anandipatsa masilinda khumi kuti nditsitse m'galimoto, akuti zikomo wapakamwa sanyamula kanthu. Ndinatsitsa makumi awiri.

Mupereke moni kwa a Reuben, muwauze kuti aseke pang'ono pokha powerenga. Moni kwa azakhali ndi onse a pa mzere wathu. Mdzukulu wanu akuyamwa ngati walipidwa, ndimamumvera pakhoma. Hita ikuyaka, zenera lili pa zala zinayi, ndimayeza ndili panja m'mawa uliwonse.

Ndine mwana wanu wovuta uja,
Mabvuto

Amayi, ndatsegulanso envulopu. Ndikumata kumene achemwali anatsegula chitseko, mwana ali paphewa. Ndinaimirira kuti mwina akufuna madzi. Anati, "Amalume, tasambani m'manja mumugwire mwanayu, ine ndikasambe. Umugwirize mutu bwinobwino, iwe. Lachitatu ndi sikelo, chikwama cha matewera unyamula ndiwe."